Mlendo Wosaperekezeka

Kwathu nkhani yolemera sitinenera pamkeka. Mlendo akabwera timamulonjera, timafunsana za ana, za mvula, za maliro amene tinamva, kenako amadya n'kutsazika. Zonsezo n'zongotenthetsa pakamwa. Nkhani yeniyeni imadikira nthawi yoperekeza, mutatuluka awiri, mutapitirira nyumba za oyandikana nawo, popanda khutu lina. Pamenepo m'pamene munthu amati, "Komatu achimwene, ine zinthu sizili bwino." Mayi anga ankatero, azakhali amatero mpaka lero, inenso ndinakula ndikudziwa kuti pakamwa pamatseguka miyendo ikamayenda.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi nkhani yotero. Mayi anadwala sitiroko zaka zingapo m'mbuyomo, mbali yonse yakumanja inafa. Ndinakawatenga kumudzi n'kudzakhala nawo m'kanyumba kanga ku Chikanda, kumene ndimasoka zovala pakhonde. Kuwasambitsa ine, kuwatembenuza ine, kuwadyetsa ine, kuchapa matewera ine ndemwe. Amuna anga anamwalira kalekale, ndiye panalibe wosinthana naye. Ulendo wanga wautali unali wa kumsika wa m'tauni, nakonso ndinkapita ngati ndasiya mkaka pamoto, nditapempha mayi wa nyumba yoyandikana kuti azisuzumira. Phiri la Zomba ndinkaliona tsiku ndi tsiku lili njo pamwamba pa malata a anthu, koma kwa ine linali mpanda basi.

Tsono mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa, anali woyembekezera ku Mzuzu kumene anakwatiwa. Mimba yoyamba, abale. Kodi mwana amachira mimba yoyamba mayi ake ali kwina? Ndani akamudikirire kuchipatala, ndani akamuthowe ndi madzi otentha, ndani akamuonetse kasambitsidwe ka khanda mchombo usanagwe? Ankandiimbira foni akulira, "Amayi, mubwera liti? Miyendotu yatupa." Ine n'kumati, "Ndibwera mwanangu, usade nkhawa," chonsecho ndilibe ndi poyambira pomwe. Ndinkangofuna munthu woti akhale ndi mayi mwezi umodzi kaya iwiri, ine ndipite ndikabwere.

Chiyembekezo changa chonse chinali pa achimwene anga aakulu, amene akhala ku Joni zaka zambirimbiri. Anali atanena kuti abwera pa Khirisimasi ndi banja lonse pagalimoto yawo. Ndinaganiza kuti alamu, akazi awo, poti sali pantchito yolembedwa, angathe kutsala kuno kwa kanthawi. Koma nkhani yokhudza mkazi wa mwini suinenera pamaso pake, imadzera kwa mwamuna. Pafoni sindikanatha ayi. Achimwene amakonda kuimba foni yoonana nkhope ija, banja lonse litaunjikana uko, kuno mayi ali pambali panga akumva chilichonse. Ndinene bwanji pamaso pa mayi wondibereka kuti ndikufuna wondilandira? Ndinati ndidekhe, abwera, akhala, adya, ine ndiwaperekeza.

Ha! Sindinkadziwa kuti kunja kuno kuli alendo osaperekezeka.

Anafika m'mawa wina kunja kuli mitambo, pachigalimoto choyera chachitali. Njira za ku Chikanda n'zopanikiza, moti alendo anzeru amasiya galimoto kumsewu n'kutsika wapansi, ndiye pobwerera pamakhala kamtunda koperekezana. Awa ayi. Analowa nacho mpaka pakhomo, chikukhula mipanda ya anthu, chikuponda tomato wa eni ake woyala pansi, n'kudzachiimika moti chitseko chake ndi chitseko changa zinatsala pang'ono kupsompsonana. Mtima wanga unangoti myuu nditaona pamene aimikapo.

Anagwada pafupi ndi mayi, anawagwira dzanja lamoyo lija, mayi analira. Ana awiri a achimwene, obadwira ku Joni konko, anapereka moni wa "ndili bwino" asanafunsidwe n'komwe, chifukwa Chichewa chawo chimathera pomwepo. Ndinatereka tiyi. Makapu asanafike pakati, achimwene anali ataimirira kale, makiyi ali m'manja.

"Chemwali, tawavekani mayi. Lero tizungulira Zomba yense. Tiyamba kwa azakhali ku Songani, kenako Malosa, kenako kuphiri. Mawa m'mamawa ife tikupita ku Liwonde ana akaone njovu, kuchoka apo kunyanja, pobwerera tidzera ku Mulanje."

"Mawa? Mawa lomweli? Kodi simukhala kuno?"

"Tchuthi n'chachifupi, chemwali. Ndikufuna anawa aone dziko lawo lonse."

Dziko lonse! Ndinangoyang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga. Anawonjeza kuti akagona ku malo ogona alendo m'tauni, kuti asandipanikize. Ndiye kuti ndinali ndi tsiku limodzi lokhalo, ndipo tsikulo linali kale ndi mwini wake.

Tinawanyamula mayi n'kuwakhazika kumpando wapakati, ine pambali pawo kuti azitsamira paphewa panga, poti paokha amagwera kumanja. Ana anakhala kumbuyo kwenikweni, aliyense mutu uli pafoni. Galimoto itangonyamuka zitseko zonse zinangoti kho, zokha. Ndinayesa changa, osatseguka. Alamu anaseka n'kunena kuti cha kumbuyo sichitsegukira mkati, anachikonza choncho kuteteza ana. Ine ndi imvi zangazi kusanduka mwana wotsekeredwa! Mawindo nawonso anali otseka, mkati mukuwomba kamphepo kozizira konunkha mankhwala. Mayi anayamba kunjenjemera, ndinawafunditsa chitenje changa.

Ku Songani azakhali atationa anaponya lichero pansi, nthungululu zili pakamwa. Ndi alongo awo a malemu bambo, okalamba koma miyendo ikadali yawo. Moni asanamalize anali atayamba kale kuthamangitsa tambala wofiira kuseri kwa khola.

"Azakhali, musavutike, tili paulendo," anatero achimwene, ali chiimire.

"Iwe, nkhuku imapsa msanga. Takhala pansi."

"Ulendo wina, azakhali. Tikadali ndi malo ambiri."

Azakhali anaima, akupumira m'mwamba, n'kuwayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Amati mlendo ndi mame. Koma mwana iwe, mame omwe amadikira dzuwa lituluke."

Achimwene anaseka, anawajambula ndi ana, anawasiyira thumba la shuga ndi sopo. Azakhali anamanga chitenje mwamphamvu, mwa chizolowezi, n'kunena kuti, "Tiyeni ndikuperekezeni." Kuperekeza kuti? Galimoto inali pabwalo pomwepo. Anangofika pawindo langa n'kuika dzanja pagalasi, akundiyang'ana. Ndinaona m'maso mwawo kuti nawonso anali ndi yawo nkhani imene anaisunga nthawi yaitali. Tinachoka ikadali m'kamwa mwawo, tambala atapulumuka.

Ku Malosa tinaima pageti la sukulu imene achimwene anaphunzira. Anatsika ndi banja lawo kukajambulitsa, akuloza uku ndi uku, akufotokoza m'Chingerezi. Mayi anandinong'oneza kuti zawachitikira. Ndinawasintha thewera momwemo, pampando wa galimoto ya eni, nditapinda msana ngati ndikukolola mtedza, ndikupemphera kuti asabwere ndisanamalize. Mayi anatseka maso ndi manyazi. Nditamaliza ndinafuna kutuluka kuti ndipumeko mpweya, koma chitseko chija chinandikumbutsa kuti sindine wotuluka ndekha. Malosa amene ndinamuona tsiku limenelo ndi ameneyo.

Tikukwera phiri, galimoto ikukhota uku ndi uku mpaka nseru, ndinakumbukira mmene tinkakwerera ndi bambo tili ana. Bambo ankacheka matabwa kumtunda kuno, ndipo nthawi zina patchuthi ankatitenga. Tinkadzera kanjira ka anthu otsika ndi mbatata pamutu, kuyambira m'bandakucha. Aliyense wokumana naye, moni, ndipo moni wa bambo sunali wa mawu awiri. Pakamtsinje kalikonse tinkaima, kumwa madzi ozizira opweteka mano. Ankadziwa pamene pamamera mabulosi akuda, tinkafika pamwamba milomo ili bii. Ndipo tikafika sitinkapita kwina kulikonse. Tinkakhala pamwala umodzi, kudya chinangwa chophika, kuyang'ana nyanja ya Chilwa ikunyezimira kutali, mpaka bambo anene kuti tiyeni. Malo amodzi okhawo, koma mpaka lero ndikatseka maso ndimamva fungo la utomoni wa paini m'malaya mwawo. Za ulendo wa pagalimotowu chimene ndimakumbukira bwino ndi nkhongo ya achimwene.

Padamu la Mulunguzi, tsikani, jambulani, kwerani. Pamathithi, tsikani, jambulani, kwerani. Ine ndi mayi sitinkatsika n'komwe, poti kuwatsitsa ndi kuwakweza kukanadya nthawi. Ogulitsa mabulosi ndi mapichesi ankabwera pawindo, achimwene n'kugula osatsitsa ndi mtengo womwe, galimoto ikuyenda kale. Mawu amene ndinawamva kwambiri tsiku limenelo anali akuti "tiyeni, tiyeni." Ndinayamba kuwerengera mumtima malo otsala, ndikuona dzuwa likupendeka kuseri kwa mitambo, nkhani yanga ikadali pakhosi. Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiyira achimwene, ndinakwiyira galimoto, ndinakwiyira ndi ana osalakwa aja.

Kenako anati tipite kumalo oonera patali, kumene msewu wake ndi wadothi. Tili m'njira nkhungu inatsika, mvula n'kuyamba. Titakhota pena tinapeza lole yodzaza zipika za paini itatitimira m'matope, itatseka msewu wonse. Anthu ake anali pansi akukumba ndi makasu, akuika nthambi kumatayala. Kubwerera m'mbuyo kunali kosatheka, msewu wopanikiza, mbali ina phompho. Tinaima.

Mvula inkagogoda padenga, magalasi anachita nthunzi, ana anayamba kunyinyirika kuti foni sizikugwira. Achimwene ankaimba ng'oma pachiwongolero, kuyang'ana wotchi, kuusa moyo. Ine kumbuyo, phewa litachita dzanzi ndi kulemera kwa mayi, mtima unkandiuza kuti Mulungu wamva. Sindinayambe ndathokozapo matope ngati tsiku limenelo.

Mvula itachepa achimwene anatsika, ati akaone ngati kutsogolo kuli njira ina yotulukira. Ndinati, "Alamu, tabwerani kuno muwagwire mayi, miyendo yandiuma." Anazungulira, ananditsegulira chitseko, anakhala pamalo panga. Ndinatsika m'matope ndi nsapato zanga za kutchalitchi, n'kuwatsatira achimwene.

Munthu uja ngakhale wapansi amayenda ngati galimoto. Ndinapitirira lole ija ndikuterereka, iwo ali kutsogolo akuzimirira m'nkhungu.

"Achimwene! Kodi zikukuthamangitsani njuchi? Taimani!"

Anatembenuka, anaseka, anandidikira. Tinayamba kuyenda limodzi pang'onopang'ono, poti matope salola changu. Kunali zii, kumangomveka madontho akugwa m'mitengo. Fungo la paini lonyowa linali ponseponse. Tinayenda kamtunda, kenako iwo anati, "Ukukumbukira bambo ankatipatsa chinangwa chozizira kuno?" Mawu awo anali atasintha, anali a achimwene amene ndinakula nawo. Ndinadziwa kuti nthawi yake ndi imeneyi.

"Komatu achimwene, ine zinthu sizili bwino."

Ndinanena zonse. Za mwana wanga ndi miyendo yake yotupa, za mwezi umene akuyembekezera kuchira, za zaka zimene sindinagonepo kunja kwa nyumba ija. Ndinati mutu umodzi susenza denga, ndipo wangawu wayamba kuphwanyika. Ndinapempha mwaulemu kuti ngati n'kotheka alamu atsale, ine ndikathandize mwana, ndikangomutulutsa m'chikuta ndibwerera.

Anaima. "Nanga bwanji sunanene pafoni? Tikanakonza zinthu mwina. Pano malo ogona tinalipira kale konsekonse, ana sukulu ikutsegulira."

Apo ndiye ndinaphulika. "Pafoni? Mayi ali pambali panga, akazi anu ali pambali panu? Munakulira kuti inu? Ndakhala ndikudikira kuti mubwere mukhale pansi ngati munthu, ndikuperekezeni ngati mlongo wanu. Mwabwera mwaimika galimoto pamphuno panga! Kwa azakhali mwakana nkhuku, nkhalamba yathamanga pachabe. Mukuti ana aone dziko lawo. Aona chiyani? Aona galasi! Agogo awo akhala nawo m'galimoto tsiku lonse, sanawagwire ndi dzanja lomwe. Mukafika ku Joni muwafunse kuti Songani ndi Malosa zimasiyana pati, muone ngati akayankhe."

Chibadwire sindinawalankhulepo choncho. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anangoyang'ana pansi, nsapato zawo zoyera zitasanduka zofiira.

"Chemwali," anatero motsitsa, "ine ndikakhala pansi ndimawaona mayi mmene athera. M'mawa muja nditawagwira dzanja ndimafuna kuthawa. Mayi amene ankasenza thumba la chimanga kuchokera kuchigayo aja? Sindingathe kuwayang'ana nthawi yaitali. Ndikamayendetsa galimoto ndimayang'ana kutsogolo basi."

Anandimvetsa chisoni, koma mkwiyo sunathe. "Nanga ine ndimawayang'ana chifukwa ndine wachitsulo?"

Kenako anati mwina tipeze mtsikana wantchito, iwo azitumiza malipiro. Ndinawauza kuti ndinayesapo. Mayi salola kuvulidwa ndi munthu wachilendo, amalira, amakana chakudya mpaka ine ndibwere. Akufunika wapabanja, woti akamawasambitsa azimutchula kuti mwanangu.

Tili chiimire choncho mphepo inawomba, nkhungu inang'ambika pang'ono kumunsi kwathu. Tauni yonse inaoneka, timalata tikuwala ndi mvula, ndipo kutali uko Chilwa ali mbee. Achimwene anapisa m'thumba kufuna foni, anapeza kuti anaisiya m'galimoto. Ndiye anangoyang'ana. Tinayang'ana tonse awiri mpaka nkhungu inatsekanso. Pa tsiku lonse lija, kanthawi kameneko kokha ndi kamene ndinganene kuti tinapita kwinakwake.

"Ndilankhula ndi alamu ako," anatero.

Nthawi yomweyo kumbuyo kunamveka lole ikulira mwamphamvu, anthu akukuwa kuti yatuluka, kenako hutala ya galimoto yathu. Achimwene anatembenuka n'kuyamba kuthamanga. Ndinawatsatira pambuyo ndekha, matope akundivula nsapato.

M'mawa mwake anabwera kudzatsazika, injini osazimitsa. Alamu anatsitsa katoni ya zakudya, matewera a m'sitolo ndi mafuta odzola, anandikumbatira mwamphamvu, koma maso athu sanakumane. Sindiwada ayi. Anali atawagwira mayi nthawi yonse ija kuphiri, anaona okha kulemera kwake. Achimwene analowa kwa mayi, anatulukamo msanga maso ali ofiira, n'kukwera. Ndinazungulira kuwindo lawo.

"Zija takambirana," anatero chapansipansi, "koma n'zovuta. Ana sangayambe sukulu mayi awo kulibe. Tione mwina pa Isitala."

"Mimba imadikira Isitala?"

Sanandiyang'ane. Galimoto inayamba kuyenda, ine dzanja lili pawindo, ndikuyenda nayo m'kanjira kathu kaja, ndikudumpha ngalande. Pokhota anaponda mafuta, dzanja langa linatsala m'malere. Kuperekeza kwake kunali komweko. Masiku otsatira zithunzi zinayamba kugwa m'foni mwanga ngati matalala, njovu, mchenga, minda ya tiyi, ana akumwetulira pena paliponse. Sindinayankhe ndi chimodzi chomwe.

Ndinayesa kwina. Azakhali anati akanabwera, koma nkhani yawo ija inali yoti maso ayamba kuchita khungu, akufuna wowatengera kuchipatala. Amayi a kumpingo ankabwera kudzapemphera ndi kudzachapa, koma aliyense ali ndi nyumba yake yomudikira. Mwana wanga anasiya kufunsa kuti ndibwera liti, ndipo kusiya kwakeko kunandipweteka kuposa kulira kuja.

Anachira nthawi ya mondokwa, mwana wamkazi. Anamudikirira apongozi ake, anamuthowa apongozi ake, khanda analisambitsa apongozi ake. Ndi anthu abwino, ndinawathokoza pafoni. Masana a tsiku limenelo mkamwini anatumiza chithunzi, kamunthu kofiira katakulungidwa m'nsalu imene ndinasoka ndekha pakhonde n'kuitumiza pabasi.

Ndinalowa nacho kwa mayi. "Amayi, taonani chidzukulu chanu."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja lamoyo lija, anatenga foni n'kuigoneka pachifuwa, mmene timagonekera khanda. Chidwalireni mayi amalankhula movutika, mawu amatuluka limodzilimodzi, ndiye ndinawerama kuti ndimve.

"Pamene ndinali ndi mimba ya achimwene ako," anatero, "mayi anga anachokera kutsidya kwa Chilwa, ku Mozambiki. Wapansi. Ankagona m'midzi ya anthu m'njira, kwina kuthandiza kusinja, kwina kudikira mvula ikate. Koma anafika. Tsiku langa litakwana anali pambali panga."

Anapuma, malovu akutsika pakona ya mlomo.

"Iwe mabasi ali mbwee pamsewu, koma sunafike. Ndimamvatu ukamalankhula ndi mwana wako pakhonde. Ndakumanga miyendo ndine, mwanangu."

Ndinafuna kunena kuti ayi amayi, musatero. Mawuwo anali pafupi, ndi amene mwana aliyense wolongosoka akananena. Koma anandiyang'ana m'maso, ndipo pakamwa panga panakana kunama. Ndinangowapukuta malovu ndi nsonga ya chitenje, ndinawasiyira foni ija pachifuwa, n'kutuluka kukatereka madzi awo osamba.